Mapiko Awiri ndi Mphepo Yochepa: Mafunso ndi Mayankho pa Kuyesa Zida za Wing Foil

Kodi wing foil n'chiyani?

Wing foil ndi masewera a pamadzi amene munthu amaima pa thabwa loyandama atagwira phiko lalikulu lansalu m'manja, mphepo n'kumamukoka. Phikolo silimangiriridwa ku mlongoti ngati thanga la ngalawa, komanso silikhala ku zingwe zazitali ngati kaiti. Mafupa ake amapopedwa mpweya monga chubu cha njinga, ndipo wokwera amalitembenuza ndi manja ake momwe akufunira.

Phiko lachiwiri lili pansi pa madzi. Kunsi kwa thabwa kumamangiriridwa mlongoti wopyapyala, wa masentimita pakati pa 60 ndi 100, woloza pansi. Kumapeto kwake kuli chinthu chooneka ngati kandege: phiko lakutsogolo, msana, ndi kaphiko kakumbuyo koletsa kugwedera. Zonsezi pamodzi ndizo zimatchedwa foil. Thabwa likayamba kuthamanga, madzi odutsa pa phiko lapansilo amalikankhira m'mwamba, thabwa n'kutuluka m'madzi. Woonera ali pa gombe amaona munthu akuyenda m'malere pamwamba pa mafunde, popanda phokoso la injini kapena la nkhafi.

Nanga masewerawa anachokera kuti?

Nzeru yonyamula bwato ndi phiko la pansi pa madzi ndi yakale. Enrico Forlanini wa ku Italy anayendetsa bwato lotere pa nyanja ya Maggiore mu 1906, ndipo mu 1919 bwato lotchedwa HD-4, limene Alexander Graham Bell anapanga ndi mnzake Casey Baldwin ku Canada, linafika liwiro la makilomita 114 pa ola. Phiko logwira m'manja linayesedwa m'zaka za m'ma 1980, ndipo mmodzi mwa oliyesa anali Jim Drake, yemwe anathandizanso kupanga thabwa la thanga lotchedwa windsurfer. Silinafale chifukwa linali lolemera, ndipo thabwa lokhuta pamadzi linkafuna mphepo yamphamvu kwambiri kuti lisunthe. Zinthu zinasintha pamene phiko lopopa linakumana ndi foil. Mu 2019 makampani monga Duotone, Slingshot, Naish ndi F-One anayamba kugulitsa mapiko amenewa, ndipo mu 2020 kunakhazikitsidwa bungwe la Global Wingsports Association loyendetsa mipikisano.

Kodi "mphepo yochepa" ndi yochuluka bwanji?

Anthu a pamadzi amayeza mphepo m'ma knot, ndipo knot imodzi ndi makilomita 1.852 pa ola. Wophunzira wing foil amapeza bwino pa mphepo ya ma knot pakati pa 14 ndi 20. Ikatsika kufika pa 12 kapena kucheperapo, ambiri amati yachepa. Akatswiri okhala ndi zida zoyenera amatha kuuluka pa ma knot 8, ndipo pansi pa apo ntchito imakhala ya minofu kuposa ya mphepo.

Munthu wopanda makina oyezera angathe kudalira maso, potsata muyezo umene Francis Beaufort anakonza mu 1805. Pa ma knot 4 mpaka 6, mphepo imamveka kumaso ndipo masamba amachita phokoso pang'ono. Pamadzi pamakhala timakwinya tosasweka. Pa ma knot 7 mpaka 10, masamba ndi timitengo tating'ono sizileka kugwedezeka, mbendera yopepuka imatambasuka, ndipo panyanja thovu loyera limaoneka apo ndi apo. Pa ma knot 11 mpaka 16, fumbi ndi mapepala zimauluka, nthambi zing'onozing'ono zimagwedezeka, ndipo thovu limachuluka. Mayi wouluza nyemba kapena soya pabwalo amadziwa kusiyana kumeneku bwino lomwe: pali kamphepo kongosuntha mankhusu, ndipo pali mphepo yowachotseratu.

N'chifukwa chiyani kuchepa pang'ono kwa mphepo kumavuta chotere?

Mphamvu imene mphepo imapereka pa phiko sitsika mofanana ndi liwiro lake; imatsika mowirikiza. Mphepo ikatsika ndi theka, kuchoka pa ma knot 16 kufika pa 8, mphamvu yake sitsala theka koma gawo limodzi mwa magawo anayi. Aliyense amene ananyamulapo lata pamutu tsiku lamphepo anazimva zimenezi m'khosi mwake: kamphepo kakangowonjezeka pang'ono, lata limafuna kumugwetsa.

Lamulo lomweli limagwiranso ntchito pansi pa madzi. Foil sinyamula kanthu thabwa likaima, ndipo imafuna liwiro lofanana ndi la munthu wothamanga modekha kuti inyamule wokwera. Madzi ndi olemera pafupifupi maulendo 800 kuposa mpweya, n'chifukwa chake kaphiko kotalika ngati mkono umodzi kapena iwiri kamatha kunyamula munthu wamkulu pamene phiko lam'mwamba liyenera kukhala lalikulu ngati mphasa ziwiri kapena zitatu. Koma kulemera komweko kwa madzi ndiko kumagwira thabwa lisananyamuke. Vuto lonse la mphepo yochepa lili pa masekondi ochepa amenewo, pamene thabwa likulimbana ndi madzi kuti lifike pa liwiro lonyamukira.

Likangonyamuka, zinthu zimapepuka modabwitsa. Chotsalira m'madzi ndi mlongoti wopyapyala ndi mapiko okha, ndiye kukoka kwa madzi kumachepa kwambiri. Komanso wokwera amayamba kudzipangira mphepo yake. Wakabaza wotsika mtunda tsiku labata amamva mphepo kumaso ngakhale mitengo ili chete. Mphepoyo ndi ya liwiro lake lomwe. Wokwera foil naye amaphatikiza mphepo ya kuthamanga kwake ndi yachilengedwe, phiko n'kumalandira yoposa imene woima pa gombe akumva. N'chifukwa chake munthu mmodzi angathe kumauluka uku mnzake, pa mphepo yomweyo, atakhala pa thabwa osasuntha. Woyambayo anapeza kamphindi konyamukira, winayo sanakapeze.

Ndi zida zotani zimene zimapangidwira mphepo yochepa?

Zinthu zitatu zimagwirizana: phiko lam'manja, foil ndi thabwa. Mapiko am'manja amayezedwa m'masikweya mita. La 4 kapena 5 ndi la masiku wamba, pamene la 6, 7 kapena 8 ndi la mphepo yochepa. Komabe kukula sikuthetsa zonse. Phiko lalikulu limalemera, ndipo mphepo ikaduka limagwa m'malo moyandama m'malere. Nsonga zake zimakhudza madzi, makamaka wokwera akakhala wamfupi, ndipo nsonga ikangomira phiko limatembenuka. Pofuna kuthetsa zimenezi, opanga ena amawonjezera timafupa tiwiri m'mbali kuti phiko likhale ndi nsalu yambiri popanda kutalikitsa nsonga, ndipo ena amagwiritsa ntchito nsalu zopepuka koma zolimba, zomwe mtengo wake ndi wokwera.

Phiko la pansi pa madzi limayezedwa m'masikweya sentimita. Lalikulu, la 1,500 mpaka 2,000, limanyamuka msanga koma silithamanga kwambiri. Kaumbidwe kake nakonso n'kofunika. Nkhwali ili ndi mapiko aafupi ndi otambalala: imanyamuka mwadzidzidzi koma sipita patali isanatere. Nkhwazi ili ndi mapiko aatali, ndipo imayandama m'malere nthawi yaitali osakupiza. Foil ya phiko lalitali ndi lopyapyala imachita ngati nkhwazi. Imadutsa malo amene mphepo yaduka popanda kugwa, koma imafuna luso poinyamutsa ndi poikhotetsa.

Thabwa ndi limene lasintha kwambiri m'zaka zaposachedwa. Oyamba ankakonda mathabwa aafupi ndi otambalala chifukwa sagwedera. Kenaka anthu anaona kuti thabwa lalitali ndi lopapatiza limang'amba madzi mosavuta ndipo limafika msanga pa liwiro lonyamukira, mfundo imene wosema bwato aliyense wa kunyanja amaidziwa kale. Ambiri odziwa masewerawa amavomereza kuti pa mphepo yochepa thabwa lotere limathandiza kuposa kuwonjezera sikweya mita ina pa phiko. Kukula kwa thabwa kumayezedwa m'malita. Lita imodzi imayandamitsa kilogalamu imodzi, choncho munthu wolemera makilogalamu 70 amafuna thabwa loposa malita 70 kuti lisamire ataimapo, ndipo wophunzira amawonjezera malita 30 kapena 40.

Kodi kuyesa zida zatsopano kumayamba bwanji?

Kumayambira pamtunda. Phiko limapopedwa kufika pa muyezo wolembedwa pambali pa valavu, umene kawirikawiri umakhala pakati pa 6 ndi 9 psi, kenaka limasiyidwa pamthunzi kwa kanthawi kuti lioneke ngati likuphwa. Madzi a sopo amaonetsa pamene mpweya ukutulukira. Masikuluwu a foil amamangidwa bwino, ndipo woyesa amagwedeza mlongoti ndi dzanja kuti amve ngati pali pamene pakusewera. Zingwe ziwiri, cha phiko cha pamkono kapena m'chiuno ndi cha thabwa cha kumwendo, zimakokedwa mwamphamvu, chifukwa chingwe chikaduka pakati pa nyanja chida chimapita ndi mphepo mofulumira kuposa momwe munthu angasambirire.

Pamadzi pamayesedwa chiyani kwenikweni?

Lamulo lalikulu ndi kusintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Munthu akatenga phiko latsopano, foil yatsopano ndi thabwa latsopano tsiku limodzi, n'kuuluka bwino kapena kulephera, sangadziwe chimene chachititsa. Mlimi woyesa mbewu yatsopano ya mtedza sasinthanso feteleza ndi tsiku lobzala pa munda womwewo. Woyesa zida nayenso amasunga ziwiri zakale n'kusintha chimodzi.

Choyamba kuyezedwa ndi mphepo yeniyeniyo, ndi kachipangizo kam'manja kokhala ndi kafani, polowa m'madzi ndi potuluka. Popanda nambala imeneyi, mawu akuti "phikoli n'labwino" alibe tanthauzo, popeza mwina mphepo ndi imene inawonjezeka. Ndi bwinonso kulemba liwiro la pamene ikuwomba kwambiri ndi la pamene yatsika, chifukwa mphepo ya ma knot 9 yokhazikika ndi yosiyana kutali ndi yoyendayenda pakati pa 5 ndi 13.

Chachiwiri ndi kanyamukidwe. Pa mphepo yochepa wokwera amapopa: amakoka phiko ndi manja mozungulira ngati akupalasa mpweya, uku miyendo ikukankha thabwa pansi ndi kulimasula motsatizana. Woyesa amawerenga kuti wapopa kangati asananyamuke, ndipo amaona ngati phiko likubweza mphamvu pa kukoka kulikonse kapena likungopindika. Phiko lofewa mafupa limameza mphamvu ya manja, ndipo zimenezi sizioneka pa mphepo yamphamvu. Apa ndi pamene mphepo yochepa imaposa yamphamvu monga woweruza: mphepo ya ma knot 20 imanyamula chida chilichonse, chabwino ndi choipa chomwe, pamene ya ma knot 9 imaulula kulemera kwa phiko, kufewa kwa nsalu ndi kukoka kwa thabwa.

Chachitatu ndi kukhalabe m'malere. Woyesa amachepetsa liwiro dala kuti aone pamene foil imasiya kunyamula, komanso ngati imachenjeza kaye ndi kugwedera kapena imangogwetsa mwadzidzidzi. Amaonanso kutalika kwa ulendo umene imayandama mphepo ikaduka, ndi ngati angatembenuke kubwerera popanda thabwa kukhudza madzi. Kutembenuka ndi mayeso ovuta, chifukwa pakati pa kukhota wokwera amathamangira kumene mphepo ikupita, ndipo phiko limakhala lopanda mphamvu kwa kamphindi.

Chomaliza ndi kukwera kumene mphepo ikuchokera. Chida chimene chimauluka koma osabwerera pa gombe limene chinanyamukira chalephera. Wotchi kapena foni ya GPS yosungidwa m'kathumba kosalowa madzi imaonetsa njira yonse ndi liwiro. Anthu awiri akamayesera limodzi n'kumasinthana zida pakapita mphindi zingapo, zotsatira zimakhala zodalirika, bola kulemera kwa aliyense kulembedwe. Malo amene mlongoti wamangidwa pa thabwa nawonso alembedwe, popeza kuusuntha sentimita imodzi kapena ziwiri kutsogolo kumasintha kanyamukidwe.

Kodi zimene opanga amalemba zimagwira ntchito chimodzimodzi pa nyanja ya Malawi?

Osati ndendende. Zida zambiri zimayesedwa pa nyanja zamchere, monga ku Maui ku Hawaii kapena ku Cape Town. Nyanja ya Malawi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 474, kumene mpweya ndi wopepukirapo ndi magawo pafupifupi 5 pa 100 alionse. Kutentha kumaupepukitsanso: mpweya wa madigiri 30 ndi wopepuka ndi magawo enanso pafupifupi 5 kuposa wa madigiri 15. Ndiye masana otentha ku Senga Bay, mphepo ya ma knot 10 imakankha phiko mocheperapo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. Madzi opanda mchere nawo ndi opepukirapo ndi magawo 2.5 pa 100, kutanthauza kuti thabwa la malita 100 limanyamula makilogalamu awiri ndi theka ocheperapo. Pa mphepo yamphamvu kusiyanaku sikumveka, koma pa malire a kunyamuka ndi kusanyamuka kumakwanira kusiya munthu pamadzi.

Dzuwa limabweretsanso vuto lina. Phiko lopopedwa m'mawa n'kusiyidwa pa mchenga wotentha mu Okutobala limafufuma, ndipo chubu cham'kati chingathe kuphulika. Liyenera kuphwetsedwa pang'ono kapena kuikidwa pamthunzi.

Ndi mphepo ziti zimene zimawomba panyanjapo?

Asodzi anazipatsa maina kalekale. Mwera umachokera kum'mwera chakum'mawa m'nyengo yozizira, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo ungathe kuwomba masiku angapo osaleka. Popeza nyanjayi ndi yotalika makilomita oposa 560 ndipo inagona motsata njira ya mwera, mafunde amakula akamapita kumpoto. Mpoto umachokera kumpoto ndipo umadziwika kwambiri nthawi ya mvula. Vuma amachokera kum'mawa, ndipo zambwe kumadzulo. Mpikisano wa mabwato a matanga wa Lake Malawi Sailing Marathon, umene unayamba mu 1984 ndipo umayenda makilomita oposa 500 kuchokera kum'mwera kupita kumpoto, umachitika m'nyengo ya mwera pofuna mphepo imeneyi. Zaka za m'ma 1800, ngalawa za matanga za a Jumbe a ku Nkhotakota zinkawoloka nyanja yomweyi ndi mphepo zomwezi.

Kupatula mphepo zikuluzikuluzi, pali ya tsiku ndi tsiku. Masana mtunda umatentha msanga kuposa madzi, ndipo kamphepo kamachokera kunyanja kupita kumtunda. Usiku ndi m'mamawa zimatembenuka. Kwa woyesa zida za mphepo yochepa, kamphepo ka masana kopita kumtunda ndiko koyenera, chifukwa akalephera kamamubweza ku gombe. Ngakhale nkhungu, tizilombo touluka timene timaoneka ngati utsi pamwamba pa nyanja, timasonyeza kumene mphepo ya kutali ikulowera.

Kodi mphepo yochepa ili ndi ngozi?

Ili nayo, ndipo imanyenga chifukwa nyanja imaoneka yofatsa. Aliyense amaopa mwera waukali. Mbiri ya sitima ya Vipya, imene inamira mu Julaye 1946 ndi kupha anthu 145, imakumbukidwabe. Koma wokwera foil amakodwa kwambiri ndi bata. Atanyamuka, amatha kupita makilomita awiri kapena atatu m'mphindi zochepa, ndipo mphepo ikaduka ali kumeneko amayenera kupalasa ndi manja atagona pa thabwa, akukoka phiko kumbuyo. Lamulo la anthu odziwa ndi losapita kutali kuposa mtunda umene munthu angathe kusambira. Pa gombe la kumadzulo, monga Salima ndi Nkhotakota, zambwe ndi kamphepo ka m'mamawa zimakankhira pakati pa nyanja, ndipo si nthawi yoyesera chida chosadziwika.

Mbali ina ya ngozi ndi ya phiko lalikulu. Munthu amene walowa ndi phiko la masikweya mita 8 m'kamphepo, mwera n'kudzuka mwadzidzidzi, amapezeka atagwira chinthu chimene sangachilamulire. Nthambi yoona zanyengo imalengeza machenjezo a mwera pa wailesi, ndipo ayenera kumveredwa. Foil nayo ndi yakuthwa, n'chifukwa chake helimeti ndi jekete yoyandamitsa n'zofunika ngakhale tsiku labata. Madzi osaya, miyala ya pansi pa madzi monga ya ku Cape Maclear, ndi maukonde otchera zimagwira foil n'kuponya wokwera kutsogolo. Ukonde wong'ambika ndi chakudya cha banja la msodzi, choncho malo amene matchera aikidwa ayenera kufunsidwa ndi kupewedwa. M'mathiriro a mitsinje ndi m'mabango mumakhala ng'ona ndi mvuu, ndipo madzi odekha a m'mabango ndiwonso amakhala ndi nkhono zofalitsa likodzo. Msodzi wa pa doko lapafupi amadziwa zonsezi, kuphatikizapo ola limene mphepo imatembenuka, ndipo kumufunsa n'kofunika kuposa kuona zanyengo pa foni pokha.

Nanga munthu wa kutali ndi nyanja, monga wa ku Kachebere, angayambire pati?

Kachebere ali m'malire a Malawi ndi Zambia, m'boma la Mchinji, ndipo amadziwika ndi seminale yaikulu ya Akatolika imene inatsegulidwa mu 1939. Madzi a m'derali ndi a m'madambo ndi timitsinje, ndipo ngakhale Bua, amene amayambira m'boma lomweli n'kukathira m'nyanja ku Nkhotakota, si malo a foil. Nyanja yapafupi ndi ya ku Senga Bay: makilomita pafupifupi 110 kuchokera pa boma la Mchinji kufika ku Lilongwe pa msewu wa M12, ndi ena oposa 100 kupitirira Salima pa msewu wa M14.

Komabe phunziro loyamba la masewerawa, kulikonse padziko, limachitikira pamtunda. Bwalo la mpira lopanda mitengo, waya waminga kapena mawaya a magetsi pafupi ndi lokwanira kuphunzirira kugwira phiko, kulimasula kuti liziyandama lokha, kulitembenuza likagwa chagada, ndi kuyenda nalo uku ndi uku. Apa mphepo yochepa ndi bwenzi, chifukwa imapatsa manja nthawi yomva chimene phiko likufuna. Phiko latsopano lingayesedwenso pomwepo kuti lioneke ngati limayandama bwino pa dzanja limodzi kapena limagwedezeka. Mchinji ali pamtunda wa mamita oposa 1,000, ndiye mpweya ndi wopepuka kuposa wa kunyanja, ndipo phiko lomwelo limakoka mwamphamvu pang'ono likafika ku Salima. Zoyenera kusamala ndi ziputu ndi minga zoboola nsalu, komanso akamvuluvulu a m'chilimwe amene amadzuka mosayembekezeka pa malo ouma.

Chotchinga chachikulu ndi mtengo. Zida zonse zimapangidwa kunja, ndipo zatsopano zathunthu zimadya madola zikwi zingapo za ku America, kuwonjezera msonkho ndi zonyamulira. Ichi n'chifukwa china choyesera mosamala kanthu kasanagulidwe: kubwereka, kusinthana ndi kulemba zotsatira. Pa nyanja ya Malawi, kunja kwa miyezi ya mwera, masiku ambiri ndi a mphepo yochepa, ndipo chida chimene chimanyamuka pa ma knot 10 chimagwira ntchito masiku ochuluka pa chaka kuposa chimene chimadikira ma knot 15.